Mbuzi ya Ankhazi Inafela Gauni

Monile mose. Awe, musaombe m'manja, simunamve zimene ndinachita. Amene akonza msonkhano uno anandiuza kuti, "A Mtonga, bwelani mudzalimbikitse anzanu amene afuna kulembetsa makosi a pa foni." Kulimbikitsa ine sindidziwa. Ndabwela kudzakalipa, ndipo woyamba kumukalipila ndi ine mwini. Ndikuona mafomu m'manja mwanu, ena mwalemba kale maina, mwasainanso. Aikeni kaye pansi pa mpando, sathawa.

Dzina langa ndine Yotamu Mtonga. Ndinali kalaliki wa kopaletivu ya alimi a fodya ndi nshawa ku Mphamba. Chaka ndi chaka ndinali kuona chinthu chimodzimodzi. Mu Juni munthu wagulitsa fodya, ayenda ngati boma ndi lake. Mu Novembala yemweyo abwela kudzafunsa fataleza ali manja lende. Zinali kundinyansa. Ndinati ine ndidzakhala mlangizi wa za ndalama, wa pepala lake, wothandiza munthu kukonza za mawa: kusunga, inshuwalansi, penshoni, msonkho. Pepala limenelo limachokela ku bungwe la ku Lusaka, ndipo salipeleka poona nkhope. Ulemba mayeso ao, upase. Iwo saphunzitsa, kophunzilila uzifunila wekha. Apa ndi pamene ndinagwela.

Inu mudziwa mmene tilili ife a kuno. Malile timawamva pa wailesi chabe. Kwathu kumudzi munda uli ku Zambia, chigayo chili ku Malawi. Malilo tikalila ku Embangweni, ukwati tikavina ku Jenda, foni ukafika nayo kudimba igwila netiweki ya kutsidya osakufunsa. Ndiye msuweni wanga Wezi wa ku Mzimba atanditumila chithunzi chake atavala gauni, ati wamaliza kosi ya ulangizi wa ndalama pa koleji ina ya ku Mzuzu, zonse pa foni, sindinaganize kawili. Mtengo unali wotsika. Aphunzitsi anali kutumiza mau m'chinenelo chimene ndimva bwino. Pamwamba pa zonse panali gauni. Musaseke. Ambili a inu mafomu amene mwanyamulawo mwasankha chifukwa cha gauni ili pachikuto.

Koleji ija sindiinamizila, anthu aja sanandibele chilichonse. Pa fomu yao analemba poyela kuti kosi imeneyo ikonzekeletsa munthu mayeso a ku Malawi. Mayi wa ku ofesi kwao anachita kundiimbila foni, ati, "Bambo, taona kuti muli ku Zambia. Mwamvetsa kuti malamulo amene tiphunzitsa ndi a kuno?" Ine ndinati, "Mayi, ndalama ndi ndalama. Kuno ndi kwanuko ndi mudzi umodzi." Anandisiya, akanachitanso chiyani? Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Ine ndinamuposa safunsa, chifukwa anandiuza kuti ndi phula ndipo ndinadyabe.

Chimene chimandikwiyitsa kwambili ndikakumbuka ndi ichi. Tsiku limene ndinalembetsa dzina ku bungwe la ku Lusaka ananditumila silabasi, mndandanda wa zonse zimene adzafunsa pa mayeso, yaulele. Inakhala m'foni mwanga zaka ziwili osaitsegula. Zithunzi za mpila ndinali kutsegula, silabasi ayi.

Manje ndikuuzeni za ankhazi anga, a NyaMtonga, mlongo wao wa atate. Atate atamwalila ndili giledi faivi, ndi iwo ananditenga nandilela. Ndi mphunzitsi wa pulaimale, zaka zoposa makumi atatu pa sukulu ya kufupi ndi malile, moyo wao wonse m'nyumba ya sukulu. Koleji ija itanditumila satifiketi yosonyeza kuti ndamaliza kosi, ndinathamanga ku Mzimba kukabweleka gauni ya Wezi. Sindinawauze ankhazi kuti mayeso enieni akali kutsogolo. Ndinali kudzinyenga kuti sindinaname, ndangokhala chete pamene anthu alulutila. Ankhazi anapha mbuzi yao yaikulu, imene anali kusungila tsiku lao lopuma ntchito. Anavina mpaka chitenge kumasuka, mayi amene sindinawaonepo akuvina ngakhale pa ukwati. Chithunzi changa nditavala gauni anachiika mu fulemu. Kuyambila tsiku limenelo mudzi wonse unayamba kunditchula kuti a Alangizi.

Mayeso ndinakalemba mwakachetechete. Za bajeti ndi chiwongoladzanja ndinadutsa ngati njinga pa mtsetse. Kufika pa msonkho, penshoni ndi inshuwalansi, ndinayankha ndi mtima wonse, malamulo a ku Malawi okhaokha. Ndinatuluka ndikumwetulila, ndikuwamvela chisoni anzanga amene anali kukanda m'mutu. Zotsatila zinabwela, ndafeluka. Muganiza ndinatsegula silabasi? Awe. Ndinati a ku Lusaka adana nafe a kum'mawa. Ndinagula kosi yachiwili, ya mavidiyo okongola ochokela ku Joni, malamulo a dziko linanso. Mabandulo anali kutha vidiyo isanafike pakati, malaiti akapita ndiye kwathelatu. Ndinagulanso mapepala kwa munthu wina wa pamsika amene analumbila kuti ndi likeji, mafunso enieni a mayeso otuluka mwakuba. Ndinalembanso, ndinafelukanso, kuposa poyamba.

Kuseli kwa msika wa Lundazi kuli kabala kena kakang'ono. Ndinayamba kupitako pa Loweluka chabe. Mwezi usanathe ndinali kufika teni koloko m'mawa, mwini bala akali kusesa. Ndipo tamvani manyazi ake. M'menemo ndinali kulangiza anthu za ndalama posinthana ndi botolo. "Munthu wanzelu agawe malipilo ake patatu," ine kulalikila, malipilo anga onse ali m'kabati ya mwini bala. Tsiku loyeza fodya ndinafika ku kopaletivu ndikununkha, ndinasokoneza maina pa mabelo, alimi anatsala pang'ono kumenyana. A tcheyamani anandiuza kuti ndikapumule kunyumba. Ankhazi sanadziwe chilichonse, kwao ndinali ndikali mwana wa gauni.

Kenako nthawi yao yopuma ntchito inakwana. Anabwela kwa ine kuboma ndi nkhuku m'manja, nakhala pa mpando wanga umodzi.

"Mwana wane, ine chimene ndidziwa ndi choko. Za ndalama Chiuta watipatsa iwe. Undiuze, zanga za penshoni zidzatuluka liti, ndipo zidzatuluka motani. Ndifuna kumanga kanyumba kumudzi, ya sukulu ndiyenela kuisiya."

Apo ndi pamene ndinafunika kugwada ndi kunena zoona. Khomo linali lotsegula. Ine ndinatenga manotsi anga a ku Mzuzu, ndinalemba mapeji awili ndi dzanja labwino, ndinasaina pansi. Ndinawauza kuti gawo lalikulu lidzakhala m'manja mwao mvula isanagwe. Anapinda pepala lija naliika m'Baibulo. Anakauza ahedi kuti nyumba atuluka mu Ogasiti, mphunzitsi watsopano alowe ndi banja lake. Anaumbitsa njelwa, osaziotcha, poti malata abwela msanga. Zipupa zinakwela mpaka pamwamba pa mawindo, iwo akugona kwa mnzao wa ku tchalitchi, kudikila ndalama ya denga.

Apa ndiyenda pang'onopang'ono, chifukwa tsiku limeneli ndilo landibweletsa pano.

Linali Lachitatu, mu Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale agalu safuna kuuwa. Ndinali pa benchi m'kabala kaja masana, botolo lachitatu, wailesi ili pamwamba. Ndinangomva wailesi yatsika. Kuyang'ana pakhomo, ankhazi. Chitenge chao chabwino, nsapato zoyela ndi fumbi la mseu wa ku Chipata. Mayi ameneyu chibadwile sanapondepo m'bala. Amuna awili amene anadutsa m'kalasi mwao kalekale anabisa mabotolo pansi pa benchi, anthu a imvi zao.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anakhala moyang'anana nane, nasuntha botolo langa ndi kuseli kwa dzanja, nayala mapeji anga awili patebulo.

"Ndachokela ku ofesi ya penshoni," anatelo. "Mnyamata wa kumeneko wawelenga pepala lako mpaka pansi. Wandifunsa ngati ndinagwilapo ntchito ku Malawi. Ndamuuza kuti yayi. Wandifunsa amene walemba izi. Ndamuuza kuti ndi mwana wane, wa gauni. Wanditungila madzi akumwa."

Anatsegula chikwama natulutsa bolopeni yofiila. Wa ku ofesi uja anali atawafotokozela mzele uliwonse, ndipo iwo, poti ndi mphunzitsi, anasunga zonse m'mutu. Anayamba kuchonga pepala langa pamaso pa bala yonse. "Apa wanena zoona, ndalama zidzabwela nadi." Tiki. "Apa yayi." Mtanda. "Fomu iyi kuno kulibe." Mtanda. "Mwezi uwu unautenga kuti?" Mtanda. Pomaliza analemba malikisi pansi, awili pa khumi, nalemba mzele kunsi kwake. Kenako anavula magalasi.

"Silabasi ili kuti?"

Ndinati, "Ankhazi, kosi imene ndinachita..."

"Sindinafunse kosi. Amene akulembetsa mayeso anakupatsa silabasi. Ili kuti?"

Ndinatulutsa foni, ndinaifunafuna pansi pa zithunzi za zaka ziwili. Ndinaitsegula koyamba m'moyo wanga, m'bala, ankhazi akuyang'ana. Pa peji lachiwili penipeni analemba kuti mafunso a msonkho, penshoni ndi inshuwalansi adzachokela pa malamulo a Zambia. Peji lachiwili, abale anga. Sikuti anabisa kumapeto.

Ankhazi anapukusa mutu. "Zaka zonsezi ndaphunzitsa giledi seveni, Malawi akuoneka pa windo la kalasi. Ana ena anali kubwela kuchokela kutsidya ndi mapazi. Sindinamuphunzitsepo mwana mayeso a ku Malawi. Iwe unakula m'nyumba mwanga, silabasi ili pakhoma pamwamba pa tebulo lodyela. Sunaione?"

Pamenepo ndinaulula zonse, kufeluka kawili, likeji, ntchito. Ndinalila ngati mwana, sindibisa. Anandisiya ndimalize.

"Kufeluka si mlandu, ana afeluka chaka chilichonse ndipo timawabwezela m'kalasi. Koma iwe unandivinitsa." Anaima nanyamula chikwama. "Mvula ikubwela ndipo nyumba yanga ilibe denga. Kwa mnzanga ndakhalitsa. Tiye, ukandionetse pogona."

Ndimo mmene ankhazi anasamukila m'zipinda zanga ziwili za lendi, iwo kuchipinda, ine pa mphasa pabalaza. Ndalama zao zinali kudzabwela, koma mwa njila yake ndi nthawi yake, osati mmene ndinalembela ine. Tinayesa kufunditsa zipupa ndi mapulasitiki ndi udzu. Mvula ya Disembala inaseka chabe. Chipupa cha kum'mawa chinagwa chonse, njelwa zinasungunuka kubwelela kudothi kumene zinachokela. Tinapita kukaona tonse awili. Anaima nthawi yaitali pa matope paja, kenako anatola fulemu ya windo naiimika pa mtengo kuti isaole. Palibe chimene chinandiwawapo chotelo.

Za mowa ndinene mosabisa, chifukwa ndaona nkhope zina muno zimene ndinali kukhala nazo pa benchi ija. Sunachoke ndi pemphelo limodzi. Masabata oyamba manja anali kunjenjemela, chakudya osalowa, ndinapita ku kiliniki ndipo anandithandiza. Ndinasintha njila yopita kumsika kuti ndisadutse kuseli kuja. Ndinagwa kamodzi mu Januwale, ndinabwela ndikununkha. Ankhazi anangondiyang'ana nandipatsa buku. Ndinapitanso kwa a tcheyamani a kopaletivu kukapepesa. Ukalaliki sanandibwezele, anandiika pa sikelo, kunyamula mabelo ndi kuyeza. Ndinavomela.

Kosi yachitatu sindinasankhe ndekha, nzelu zayekha anaviika nsima m'madzi. Ankhazi anandituma kukapulintitsa silabasi yonse pa shopu ya pa boma. Anaikhoma pakhoma ndi misomali. Kenako anati ndiimbile bungwe la ku Lusaka ndifunse masukulu amene iwo awazindikila. Zaka ziwili ndinali kuwatukwana anthu aja osawaimbilapo foni, ndipo atayankha anandiuza zonse mwaulemu mphindi zochepa chabe. Tinapeza masukulu atatu. Tinapempha iliyonse itumize mndandanda wa mitu imene iphunzitsa, ankhazi anayala yonse patebulo pafupi ndi silabasi, nayamba kuchonga mutu ndi mutu ndi bolopeni yofiila ija. Sukulu ina ya chikuto chonyezimila inatsala ndi mitanda yokhayokha pa za msonkho.

Mafunso anali kundilembela iwo, ine kuimba foni. Mukonzekeletsa mayeso ati, a bungwe liti, a dziko liti? Manotsi anu munawakonzanso liti, poti malamulo a msonkho amasintha? Ndikalemba ntchito, achonga ndani, ndipo ibwela pakapita masiku angati? Tipatseni anthu awili amene anaphunzila kwanu napasa mayeso a bungwe, tilankhule nao. Pa funso lomalizali sukulu ina inakwiya, ati sitikukhulupilila. Ankhazi anati, "Dula foni, watiyankha kale."

Imene tinasankha inalibe gauni. Kapepala kao kotsatsa kanali konyansa, ngati chidziwitso cha malilo. Koma mabuku anali kutumiza pa basi, osindikiza, oti malaiti apite asapite uwelenga. Maphunzilo a mau anali ang'onoang'ono, ukakwela pachulu netiweki ikagwila utsitsa onse a sabata yonse. Mphunzitsi wao anali kubweza ntchito yanga itafiila ndi zolemba, nthawi zina ndinali kufuna kumutukwana. Ankhazi anayang'ananso kalenda nati mayeso a pakati pa chaka ndisalembe, chifukwa agwela pa msika wa fodya pamene ine ndili pa sikelo kuyambila m'mawa mpaka madzulo. Ndinadikila a kumapeto kwa chaka. Tsiku lililonse ndikaweluka, maola awili patebulo, iwo ali pakhomo akusenda nshawa. Munthu wa ndevu zanga, kupempha chilolezo chopita kuchimbudzi.

Ndiye inu amene mwabwela ndi mafomu osaina kale, ndikufunseni. Ndani muno wawelenga silabasi ya mayeso amene afuna kulemba? Kwezani dzanja. Atatu. Muli anthu odzaza chipinda, manja atatu. Mwaona chimene ndikalipila? Mwafunsa mtengo, mwafunsa ngati kuli gauni, mwafunsa ngati mungalipile pang'onopang'ono, koma chimene adzakufunsani pa tsiku la mayeso simunafune kuchidziwa. Wina pakhomo paja wandionetsa kosi imene mlamu wake anachita ku Lilongwe. Mlamu wanu anachita bwino, akhala ku Lilongwe. Inu mukhala kuno, ndipo nkhalamba imene idzabwele kwa inu ndi pepala la penshoni idzamanga nyumba kuno. Ndipo pepala loti mwamaliza kosi si pepala loti mwapasa mayeso. Mbuzi isafe zotsatila zisanatuluke.

Ulendo wachitatu ndinapasa. Panalibe nthungululu, panalibe mbuzi, tinadya ndiwo zamasamba monga mwa masiku onse. Ndalama za ankhazi zinatuluka m'nthawi yake. Chipupa chija ndinachimanga ndekha, Loweluka lililonse, ndi njelwa zootcha, manja mpaka matuza. Malata anakwela, analowa m'nyumba mwao patapita chaka ndi miyezi kuchokela tsiku limene ndinawalonjeza. Pa chipupa chomwecho anapachika chithunzi cha gauni chija. Ndinawapempha kuti tichichotse tiikepo pepala lenileni. Anati, "Chisiye. Mbuzi yanga inafela chithunzi chimenechi."

Lelo ndili ndi kaofesi kanga. Alimi a ku Mphamba abwela, a ku Chikomeni abwela, aphunzitsi opuma ntchito abwela, ena atumidwa ndi ankhazi omwewo. Koma iwo eni, pa ndalama zao zotsala, amapita kwa mlangizi wina ku Chipata. Sanandiuzepo chifukwa ndipo sindinafunse, ndichidziwa. Amandikonda, amanditumila ufa ndi nshawa, koma pepala lolemba ine sanaliikenso m'Baibulo mwao. Zimandiwawa mpaka lelo, ndipo palibe mayeso amene ndingalembe kuti zimenezo zisinthe.

Mwezi wathawu anandiitana kuti ndiwapelekeze ku Chipata, ndiwanyamulile chikwama. Tili m'basi, tadutsa Lumezi, anandifunsa osandiyang'ana, maso ali pawindo.

"Ndalama imene ndinaika kubanki ija, ikabala, boma lidulapo msonkho?"

Yankho ndinali nalo pakamwa, ndinalemba pa mayeso ndipo ndinapasa. Ndinalimeza. Ndinati, "Ankhazi, ndiganiza ndidziwa, koma lekani ndikayang'ane kaye malamulo a chaka chino, ndikuuzani mawa."

Basi inadutsa mlatho. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa chimanga chootcha, nachithyola pakati, nandipatsa mbali yaikulu. Kwa mlangizi wao anapitabe, ine ndinawadikila panja pa benchi.

Pepala lija la mitanda ndayenda nalo, ili. Liyambile kutsogolo kuno lizungulile, aliyense aligwile aone. Mukamaliza mundibwezele, ndipo mafomu anuwo musawatole pansi pa mpando musanatsegule peji lachiwili la silabasi.